Mayi Wosesa ndi Maluwa Awo a Chifuwa

Andipempha, ine mlembi wa mpingo, kuti ndilembe mawu ofatsa okumbukira Mayi Wosesa. Pepani abale, kufatsako kwandikanika.

Mayiwa anakula ali amasiye, m'nyumba ya azakhali awo ochapa zovala za anthu. Azakhaliwo ndiwo anawaphunzitsa za holihoki, duwa lotalika kuposa munthu lija: maluwa ake amaviikidwa m'madzi otentha pofewetsa chifuwa ndi pakhosi pokanda, masamba ake amaikidwa potupa. Anakwatiwa ndi kalipentala, amene anamwalira n'kuwasiyira ana anayi. Zaka makumi atatu anasesa tchalitchi chino osajomba, ndipo kuseri kwa khoma anadzala maluwawo. Ndani wa kwaya amene sanamweko? Ngakhale ine, wa mawu ngati chitseko chadzimbiri, ndinamwa. Ankati, "Izi n'zofewetsa chabe, mwanawe. Chikakakamira chifuwacho, thamangira kuchipatala."

Tsiku lina mkulu wina wa mpingo anadzuka ndi changu chopanda nzeru. "Tchalitchi chasanduka kwa sing'anga!" anatero pamsonkhano wa akulu. Tinazula maluwawo, n'kuwaletsa mayiwa Mgonero mpaka atalapa. Kulapa chiyani? Kalata yake ndinalemba ndine, ndi dzanja langali, osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Manyazi ake andigwira mpaka lero.

Mayiwa anangofunsa kuti, "Abusa, duwali analenga ndani? Ndiname pamaso pa Mulungu kuti ndachimwa?" Abusa anayang'ana nsapato zawo.

Zaka zisanu ndi ziwiri mayiwa anakhala pa benchi yakumbuyo, mbale ya mkate ikuwadumpha. Anthu akabalalika, iwo ankatsala kutsuka tizikho timene sanamwere. Tinkaona tonse, maso tili nawo.

Nanga mkulu uja? Mkazi wake atatsokomola sabata yathunthu, mkuluyo anakagogoda yekha kunyumba kwa mayiwa, kumene anali atadzalanso maluwawo m'zitini. Anamupatsa odzaza manja. "Tengani, bambo, chifuwa sichidziwa milandu yathu." Pamsonkhano wotsatira bamboyo anachisiya chiletso chija momwemo. Zimandiwawa kwabasi.

Mayiwa atadwala, anapempha chinthu chimodzi chokha: Mgonero. Abusa anati akulu ayambe akumana, ndipo akulu timakumana Loweruka loyamba la mwezi. Lachitatu m'mawa mwana wawo wamkazi anawauza zimenezi akulira. Iwo anamusisita dzanja.

"Usalire, mwanangu. Auze asavutike, ndikadyera komweko."

Anapempherera abusa, ndi akulu onse mmodzimmodzi, kenako anatseka maso mwamtendere dzuwa lisanafike pamutu. Anatisiyira chitsanzo cha kukhululuka chimene sitinachiyenere.

Loweruka tinakumanadi. Manja onse anakwera m'mwamba, la mkulu uja patsogolo, kuti Mayi Wosesa abwezeretsedwe ku gome la Ambuye. Anandiuza kuti ndilembe kalata yowadziwitsa.

Ndalemba. Amene akudziwa kokaipereka abwere adzaitenge.