Thumba la a Lufeyo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene bambo anamwalira, chaka chomwenso mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Tinkakhala m'mudzi wina kumunsi kwa Golomoti. Anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, mng'ono wawo wa bambo, a Lufeyo, anabwera kudzatenga zimene ankati ndi za m'bale wawo: njinga, wailesi ndi jekete lakuda limene bambo ankavala Lamulungu. Njingayo ndiyo inkatidyetsa, poti bambo ankapikulira usipa kunyanja n'kukagulitsa ku Mtakataka. Amayi anangogwira pakamwa. Ine ndinatola mwala, koma amayi anandigwira dzanja.

Pofika Januwale tinkadya mango osapsa owiritsa ndi nyika, mizu ya maluwa a m'madzi akudambo, zija zimasiya fungo la matope m'kamwa. Koma amayi sanajombe kumapemphero ngakhale tsiku limodzi. Ankamanga chitenje molimba pamimba n'kumaimba ngati munthu wokhuta. Tikamapemphera kolona ankatchulanso a Lufeyo, kuti Mulungu awafewetse mtima. Ine ndinkavomera mokweza, koma chamumtima ndinkapempha kuti mabuleki a njingayo awakanire pamtsetse.

Lamulungu lina akatekisiti analengeza kuti sabata yotsatira aliyense abwere ndi munthu mmodzi wosapemphera. Mutu wanga unagwira ntchito pomwepo. Kwathuko mapemphero akamatha alendo amaimirira n'kutchula dzina lawo ndi la amene wawaitana, mpingo wonse utatembenuka kuwayang'ana. Ndinafuna a Lufeyo aimirire choncho pamaso pa anthu amene ananyamula bokosi la bambo.

Lero ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Mtakataka, ndipo ndikhoza kukugulitsani juzi mu Okutobala inu n'kundithokoza. Koma kasitomala wanga woyamba anali a Lufeyo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa masau akupopa njinga ya bambo.

"Bambo aang'ono, Lamulungu likubwerali tiyeni kutchalitchi."

"Ndikatani? Ndafa kodi?"

Ndinatsitsa mawu. "Kukagawidwa chimanga. Koma olandira ndi okhawo opezeka mkati, ovala bwino. Musauze munthu."

Anasiya kupopa. "Chochuluka bwanji?"

"Ndowa imodzi." Ataonetsa tsinya ndinakweza. "Akuluakulu ngati inu, ziwiri."

Tsikulo anafika belu lisanalire, atavala jekete la bambo limene manja ake ankawaphimba mpaka zala, thumba la feteleza alipinda kukhwapa. Anakhala benchi la kutsogolo kuti asamanidwe. Ena akaimirira iwo ankagwada, ena akagwada iwo ankakhala. Ine kumbuyo mtima unkangovina.

Nthawi ya alendo itakwana anadzuka. "Ndine Lufeyo. Wandiitana ndi mwana wa malemu achimwene." Kenako anatambasula thumba lija n'kulikung'untha. "Nanga chimangacho tilandirira momuno kapena panja?"

Mayi wina anaphulika nako kuseka, akwaya n'kutsatira. Bambo wina kumbuyo ananena mosabisa mawu: "Jekete la malemu silinakukwanireni, mukufunanso chimanga?" A Lufeyo anayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, thumba likulendewera m'manja. Ndisaname kuti ndinamva chisoni. Zinanditsekemera kuposa nzimbe.

Amayi okha ndiwo sanaseke. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo anadziwa zonse. Titatuluka anawalondola a Lufeyo pamene anaimika njinga, n'kunyonyomala pang'ono mwaulemu.

"Alamu, chimanga chilipo. Tiyeni kunyumba."

Kunyumba tinali ndi ndowa imodzi yokha, imene amayi anaipeza atapalira sabata yathunthu m'munda wa aphunzitsi ena a ku Mua. Anandiuza kuti ndigwire kukamwa kwa thumba.

"Unawauza zingati?"

"Ziwiri."

"Ziwiri tilibe. Alamu, landirani theka ili, linalo ndi la ana."

Ndinkaganiza kuti munthu wamanyazi akana. A Lufeyo sanakane. Anamanga thumba pakaliyala n'kupalasa osacheuka.

Ndinalira ndi mkwiyo. "Atilanda njinga, tiwapatsenso chimanga?"

"Za njinga akayankha okha," anatero amayi akusesa timaso ta chimanga timene tinagwa pansi. "Koma wanamizira nyumba ya Mulungu ndi iwe, ndipo iwe ndiwe wanga. Sindingalole munthu achoke kumeneko akunena kuti Mulungu amaitana anthu kuti akawaseke."

Sanandikwapule. Njala ndiyo inandikwapula m'malo mwawo, ndipo alongo anga awiri aang'ono, amene sanalakwe kanthu, anakwapulidwa nane limodzi. Wamng'onoyo ankanyambita mbale yopanda kanthu akundiyang'ana. Chimenecho chimandiluma mpaka lero.

Ndikanakonda kukuuzani kuti m'mawa mwake njinga inabwerera. Ayi, sinabwerere, a Lufeyo anadzaigulitsa kwa msodzi wina. Lamulungu lotsatira a Lufeyo anatulukiranso kutchalitchi, thumba lili kukhwapa, kaya poganiza kuti mwayi umabwereza. Amayi anawapatsa moni pakhomo ngati palibe chinachitika. Sabata inayo anabwera chimanjamanja n'kukhala kumbuyo. Patapita zaka anabatizidwa, ndipo atamwalira kwaya yomwe inawaseka ija inawaimbira mpaka kumanda. Ine ndinanyamula nawo bokosi, mano ndikukukuta.

Sindinganene molimba mtima kuti ndinawakhululukira mpaka pansi. Nkhaniyi ndaitchula pa kulapa kambirimbiri, moti ndikuganiza kuti ansembe ena anatopa nayo. Koma chimene amayi ankachidziwa, ine ndachimvetsa ndili ndi imvi: woitana ndiye amadyetsa mlendo, ngakhale mlendoyo akhale mdani wake. Pamsika ndimakometsa malaya obooka mpaka wogula n'kuyamba kuwakonda, Mulungu andikhululukire. Koma ndikamaitana munthu kutchalitchi sindiwonjezapo kanthu. Ndimamuuza kuti mabenchi ndi olimba, ulaliki umatalika, ndipo tikatuluka akadya kwathu. Ndikatero ndimathamangira kunyumba kukawauza akazi anga kuti awonjeze ufa.