Tsiku lomwe ndinakonzera agogo ku Ngorongoro

Amayi anga anamwalira ndili ndi zaka zitatu, bambo atatsogola kale. Anandilera ndi agogo obereka amayi, kwathu ku Kasungu. Pakhomo pathu sipankasowa anthu: amalume ndi akazi awo, ana awo, azimayi a kutchalitchi, odzabwereka sefa. Nkhani ya amayi ikayamba, wina ankaitembenuza msanga, ndipo ine ndinazolowera kukhala pambali n'kumangoyang'ana. Mmene ndinkafika ku London, zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndinkadziwa zinthu ziwiri zokha za mayi wondibala, kuti anali wamtali ndiponso kuti ankasoka pa makina.

Ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Woolwich. Kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Kumeneko ndinaona chinthu chomwe sindinauzidwe ndi munthu. Tikalowa m'chipinda awiri, nkhalamba inkangoyankha kuti inde kapena ayi. Ndikalowa ndekha n'kutseka chitseko, ndili kalikiliki kumanga mabatani, imayamba yokha kukamba za mwamuna wake amene anapita kunkhondo, za mwana amene anamwalira ali wakhanda. Ndinamva mbiri za akufa a eni ake zambirimbiri. Pobwerera kunyumba pabasi ndinkadzifunsa kuti nanga agogo anga ine adzatsekeredwa liti chitseko ndi ine.

Ulendo woyamba wobwerera kwathu ndinakhalako milungu itatu, koma sindinakhalepo ndi agogo awiriwiri ngakhale nthawi yoti madzi n'kuwira. Munthu wochokera kunja sasiyidwa yekha. Pafoni zinalinso chimodzimodzi. Foni pamudzi inali ya amalume, ndipo ndikaimba Lamlungu masana iwo ndiwo ankayankha, n'kuigwirizira kukhutu kwa agogo, ataima pomwepo.

Za chigwa cha Ngorongoro ndinazimva kwa mnzanga wa kuntchito, mayi wa ku Tanzania, amene mchimwene wake ankayendetsa galimoto ya alendo oona nyama ku Arusha. Tinali pa nthawi yopuma, tikumwa tiyi m'kachipinda ka antchito. Anati kwawoko kuli phiri lomwe linaphulika kalekale n'kutitimira mkati, ndiye panatsala chidzenje chachikulu chonga mbale, chozunguliridwa ndi makoma a phiri mbali zonse. Pansi pake pali udzu, madambo ndi nyanja yamchere, ndipo nyama zimakhala momwemo: mikango, njati, mbidzi, nyumbu, zipembere.

“Mumatsika m'mamawa,” anatero, “ndipo simutuluka m'galimoto. Saloleza, kupatula malo odyera. Tsiku lonse muli momwemo, mpaka madzulo.”

“Oyendetsawo amamva Chichewa?” ndinafunsa.

Anaseka mpaka tiyi kutayikira. “Achimvera kuti? Iwe, anthu amafunsa za mikango!”

Ine za mikango ndinali nditasiya kale kumvetsera. Ndinkaona mpando wakumbuyo wa galimoto, agogo kumanzere, ine kumanja, zitseko zotseka, amalume ali kutsidya kwa malire a dziko.

Ndinagula kope la ana asukulu n'kuyamba kulemba. Tchuthi changa chinali mu Ogasiti. Masiku osapita kuntchito ndinkalowa m'kasitolo ka intaneti pafupi ndi msika wa ku Woolwich, pomwe ankagulitsanso makhadi oimbira foni kunja, n'kumawerenga pang'onopang'ono, zithunzi zikutseguka mzere ndi mzere. Masiku ena ndinkakwera basi kupita ku Greenwich kukaona mabuku a maulendo m'laibulale, kenaka n'kukakhala pabenchi m'mbali mwa mtsinje ndikukopera zomwe ndapeza. Ndinadziwa kuti msewu wotsikira ndi wina, wokwerera ndi winanso. Ndinadziwa kuti pamwamba pa phiripo pamazizira kwambiri ndipo m'mawa pamakuta nkhungu, choncho ndinagulira agogo juzi yaubweya ndi mpango. Ndinadziwa kuti mulibe nyamalikiti m'chigwamo, ndipo ndinadandaula pang'ono chifukwa ndi nyama yokhayo yomwe ndinkaganiza kuti ingawaseketse.

Mchimwene wa mnzanga uja ankayankha mafunso anga kudzera mwa mlongo wake. Kodi galimotoyo ndi yaitali bwanji pokwera, popeza maondo a agogo ankavuta? Anati adzabweretsa kampando kopondapo. Kodi zimbudzi zili pati? Anati pachipata ndi pa dziwe la mvuu pomwe alendo amadyera. Anawonjeza kuti pamenepo tisadzadyere panja, chifukwa mphamba za kumeneko zimalanda chakudya m'manja mwa munthu. Ndinalemba zonse. Ndinalembanso fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri, ndi kuti agogo sadya mazira owiritsa.

Tsamba lomaliza linali la ine ndekha. Ndinagawa tsikulo monga timagawira ntchito pa shifiti. M'mawa osafunsa kanthu, chifukwa agogo salankhula dzuwa lisanawaotche msana. Pakaoneka nyama yoopsa osafunsanso, angadzati ndawasokoneza. Nthawi yabwino inali masana, nyama zikagona pamthunzi, woyendetsa atazimitsa injini. Mafunso ndinawalemba ndi pensulo. Kodi amayi ankaseka ndi zinthu zotani? Ankaimba? Ankanditchula kuti chiyani? Mawu awo anali otani, aakulu kapena aang'ono? Lina, loti kodi ankaopa pomwalira, ndinalifufuta n'kulilembanso kangapo.

Chipinda chomwe ndinkagona ndinkachita lendi kwa namwino wina wachikulire wa ku Zomba, amene ndinkangomutchula kuti anti. Tsiku lina anapeza kope lija patebulo la kukhitchini, nalitsegula osapempha, monga mwa chizolowezi chake.

“Eee, koma pali dongosolo! Mpaka zimbudzi?” anatero akutembenuza masamba. “Nanga amalume ako wawauza?”

“Ndidzawauza zikapsa.”

“Zikapsa? Iwe, nkhalamba ya eni ake ukufuna kuinyamula ngati nkhuku ya m'khola mwako? Mwini mbumba asakudziwa?”

“Ndi agogo anga, anti.”

“Ndi mayi awo. Ndiponso pasipoti akawatengera ndani, iweyo uli kuno ukusintha matewera a azungu?”

Ndinkadziwa kuti akunena zoona, koma ndinkadziwanso kuti nkhani ikayambira kwa amalume, idzakhala ya amalume. Choncho ndinachita zomwe ndinkaganiza kuti ndi nzeru. Ndinalemba kalata kwa agogo yowauza za ulendowo, n'kuitumiza kudzera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, ndi pempho loti akawawerengere ali okha. Ndinaiwala mtundu wa munthu amene anandilera. Agogo sanalole kuti mayiyo aitsegule. Anaimanga pansonga ya chitenje n'kupita nayo kwa mwana wawo, chifukwa kalata yochokera kunja ndi nkhani ya pamudzi.

Lamlungu lotsatira ndinaimba nditaima pawindo la kukhitchini, anti akusita yunifolomu kumbuyo kwanga.

“Kalata yako tailandira,” anatero amalume. “Taiwerenga tonse.”

“Zikomo, amalume.”

“Kodi ku London kumeneko anthu alibe amalume?”

“Ali nawo.”

“Ndimayesa mwina anatha. Chabwino. Takambirana. Mayi sangapite dziko la eni okhaokha ndi mwana. Akakadwalira kumeneko, ine anthu ndidzawauza kuti ndinali kuti? Apita ndi azakhali ako owasamalira, ndi ineyo. Mayi aja unawatuma aja akuti nawonso sanakwerepo ndege.”

Anti anaima kusita n'kundiyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Ine ndinkawerenga mipando ya m'galimoto ija m'mutu, ikudzaza umodzi umodzi. Sindikanakana. Palibe chomwe amalume ananena chomwe chinali cholakwika, ndipo kukana kukanatanthauza kunena poyera kuti sindikuwafuna. Ndinangoti, “Ndamva, amalume.”

Kenaka ndinamva mawu a agogo chapatali. “Tandipatsa chinthucho.”

“Ndikugwirirani, mayi.”

“Manja ndili nawo. Pita ukaime apo pa mango.”

Panali phokoso la nsalu, kupuma, ndi nkhuku kwinakwake. Aka kanali koyamba agogo kugwira foni okha.

“Iwe mwana,” anatero mokuwa, monga ankachitira poganiza kuti London ndi kutali, “nyama zimenezi zakulakwira chiyani?”

“Ndimafuna mukazione, agogo.”

“Njovu? Ine ndaziimbira zitini zaka zingati kuti zichoke m'chimanga? Lero ndikwere ndege kukazipatsa moni?”

Ndinaseka.

“Nena chomwe ukufuna.”

Ndinali ndi tsamba lonse la mafunso, koma onse ndinawakonzera masana a m'chigwa, osati khitchini ya ku Woolwich, nsimbi ikutulutsa nthunzi pambali panga.

“Ndi za mayi ako,” anatero, mawu atatsika.

“Eee.”

“Ndiye mpaka kukanditsekera kudzenje la eni ake?” Anapumira m'mwamba. “Vuto lako umabwera chilimwe, anthu atakolola, alibe chochita. Ukatsika ndi masutikesi aliyense ndi m'bale wako. Bwera nthawi yokumba mtedza. Uone ngati pali amene adzatitsate kumunda.”

“Tchuthi changa ndi cha Ogasiti, agogo.”

“Chisinthe. Amalume ako akubwera, akuti ndikutha moto wa foni.”

M'mawa mwake ndinapita kwa amanijala. Anatsegula buku la tchuthi n'kundionetsa kuti Meyi wa chaka chimenecho anali atadutsa kale m'manja mwa ena, ndipo kunali kutatsala milungu yochepa. Anati akhoza kundilemba Meyi wa chaka chotsatira, koma Ogasiti ndimutaye, chifukwa maulendo awiri aatali motsatizana sakanatheka. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za msinkhu wa agogo. Pantchito yathu ndinali nditaona kuti chaka chimodzi chimachita zotani kwa munthu wokalamba. Wina amene mu Januwale ankakuuza maina a ana ake onse, pofika Disembala ankakufunsa kuti ndiwe yani. Komabe ndinati andilembe Meyi.

Kwa amalume ndinanena kuti kuntchito andikaniza tchuthi, ndipo nkhani ya ulendo inafera pomwepo, ngakhale azakhali anakhala miyezi akundikumbutsa kuti anali atasoketsa kale diresi. Mnzanga wa ku Tanzania anauza mchimwene wake, ndipo iye anabweza uthenga woti chigwacho sichithawa.

Chaka chimenecho chinatalika. Lamlungu lililonse ndinkamvetsera mawu a agogo monga timamvetsera odwala athu, kufufuza ngati abwereza funso, ngati asokoneza dzina. Nthawi zina ndinkatsegulabe kope lija pabasi n'kuyenda tsiku lonse m'maganizo, kuyambira pachipata m'nkhungu, kutsika msewu wokhotakhota, mpaka pa dziwe la mvuu. Ndinkadziwa kuti sitidzapita, koma ndinali nditazolowera kukhala nawo pampando wakumbuyo uja.

Meyi atafika ndinapita. Tsiku loyamba azakhali anatiperekeza kumunda, nakhala mpaka dzuwa litafika pamutu, kenaka anakumbukira kuti anasiya nyemba pamoto. Tsiku lachiwiri sanabwere munthu. Ndinkakumba ine, agogo atakhala pansi atatambalala, akuthothola mtedza n'kumaponya m'dengu. Sindinafunse kanthu. Anayamba okha, maso ali pa manja awo.

Anati amayi anali amanzere, ndipo aphunzitsi anawamenya chaka chathunthu koma sanathe kuwasintha. Anati ankaimba likhweru ngati mnyamata, ngakhale anawaletsa kangati kuti mkazi satero. Ankadana ndi therere. Makina osokera aja anawaphunzira mozemba kwa telala wa pasitolo, ndipo diresi loyamba lomwe anasoka linali ndi dzanja limodzi lalitali, koma analivala ndithu kupita nalo kutchalitchi. Ine ankandibereka kumsana akupalasa makinawo, ndipo akaima ndinkalira, choncho nthawi zina ankapalasa opanda nsalu kuti ndigone.

Tinakhala masiku anayi m'mundamo. Tsiku lomaliza, tikumanga matumba, ndinafunsa funso limodzi lokha, la mawu awo, kuti ankamveka bwanji akamalankhula.

Agogo anasiya chingwe. Anayang'ana kumapeto kwa munda nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka pang'ono ngati akuyesa kuwatulutsa.

“Chaka chatha ndikanakuuza,” anatero. “Ndinkawamva ndikamagona. Pano ndikawafuna kukubwera mawu a amalume ako.”

Anatolanso chingwe chija n'kundiuza kuti ndigwire thumba bwino, likupendekeka.