Mphutsi za Adadi mu Filiji

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi anandipatsa ntchito yomvetsera mafoni a adadi. Sanaitchule kuti ndi ntchito. Anangonena akundipesa tsitsi Lamlungu lina m'mawa kuti, "Tamanda, Chizungu cha anthu akunowa iwe umachimva msanga. Adadi ako akamalankhula pafoni, uzitchera khutu." Ndinagwedeza mutu chipeso chili m'tsitsi, ndipo mumtima ndinanyada, poti aka kanali koyamba kuti amayi andione ngati munthu wothandiza pa nkhani za akuluakulu.

Tinkakhala pa fulati ya zipinda ziwiri ku Lewisham, mumzinda wa London, pamwamba pa shopu yochapirako zovala. Amayi anali namwino, ndipo nthawi zambiri ankagwira mashifiti a usiku n'kumagona masana. Adadi kumudzi ankagwira ntchito yofufuza udzudzu wa malungo, ndipo ndi ntchito imeneyo imene inawabweretsa kuno kudzaphunzira. Koma atafika ku yunivesite anakopeka ndi kachilombo kena. Kamaoneka ngati udzudzu wokula mopitirira muyeso, miyendo itaitali yoonda ngati ulusi, yothothoka ukangoigwira. Sikaluma munthu, sikapereka matenda. Kunyumba tinkangokatchula kuti chimiyendo. Mitundu wamba ya chimiyendo inkalowa yokha pawindo nyengo yofunda ikamatha, koma imene adadi ankasaka inali yosowa, imene mphutsi zake zimakhala m'zipika zowola ndi mu ndere zonyowa, m'nkhalango zakale za kumpoto ku Scotland, kumene mtengo ukagwa palibe amauchotsa.

Nyengo yofunda ikayamba, adadi ankakwera sitima n'kusowa sabata yathunthu, mwina awiri. Foni yawo siinkapezeka. Amayi akafunsa kuti kwenikweni amakhala pati, ankayankha kuti, "Malowo sitiulula, amake Tamanda. Anthu akadziwa adzabwera kudzaswa zipikazo." Ankabwerako ataonda, majombo ali matope okhaokha, jekete ikununkha utsi, koma akuimba mluzu. Mluzuwo ndi umene unkawapweteka amayi. Munthu wochokera kutchire, kumvula, amabwera wokondwa chotero bwanji?

Ankabweranso ndi zikontena za ayisikilimu zoboolaboola pachivindikiro, zodzaza ndi zibenthu za mtengo wowola. Zinkakhala pansi penipeni mu filiji, pamalo pa ndiwo zamasamba. M'katimo munali mphutsi zotuwa, zopanda miyendo, zokhuthala khungu. Adadi anandifotokozera kuti poiona mphutsi yokha n'kovuta kudziwa mtundu wake, mpaka uisunge isanduke chouluka. Anandiuzanso kuti zimafuna kuzizira ndi chinyezi, zikatenthedwa zimafa.

Ku tchalitchi kwathu ku Peckham kunali Anti Mwansa, mayi wa ku Zambia amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina tikumwa tiyi mapemphero atatha, ndinawamva akuuza amayi kuti, "Ba sister, nchito yabwanji iyo yosakila udzudzu wamene suluma? Na malo sakamba, na foni sipita? Ine wanga ananiuza ati ali ku treningi, kansi treningi yake ili na bana babili." Azimayi anaseka. Amayi anasekanso, koma kunali kuseka kwapakamwa chabe.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu chilichonse chinayamba kuoneka chokayikitsa. Adadi akameta ndevu asananyamuke, amayi ankayang'ana. Akagula masokosi atsopano, amayi ankafunsa kuti akale atani. Inenso ndinalowa m'gulemo. Ndinkanunkhiza jekete yawo, kupisa m'matumba, kutsegula kabuku kawo ka m'tchire. Munali manambala, mayina a Chilatini, ndi dzina limodzi lobwerabwera: Moira. Ameneyu anali mayi wogwira nawo ntchito kumpotoko, ndipo adadi sankabisa zimenezo. Koma dzina ukaliona m'buku limene watsegula mobisa, limaoneka ngati chinsinsi.

Loweruka lina masana, amayi ali mtulo, foni inalira. Adadi anapita nayo kukhitchini, ine n'kukhala pansi pakhomo ngati ndikumanga nsapato. Anali Moira. Zimene ndinamva ndikuzikumbukira bwinobwino mpaka lero. Anakambirana za mvula, za sitima ya Lolemba, ndi za chipika china chimene adadi anachisaka zaka zitatu, chimene mphutsi zake zinali mu filiji mwathu. Adadi anati zikudya bwino, mwina mwezi wamawa zisanduka. Anaseka kamodzi. Kenako anatsanzika.

Amayi atadzuka cha m'ma folo koloko, adadi atapita kukagula mkaka, anandiitanira kuchipinda. Ndinawauza zonse, mvula, sitima, chipika. Anamvetsera akumanga duku, kenako anati, "Basi?"

Mawu amodzi okhawo. Ndinaona nkhope yawo ikuchoka pa ine, ikubwerera kumene inkakhala masiku onse, kutali. Ndinalinso ndi kanga kumtima. Sabata ziwiri m'mbuyomo ndinali nditaimba ndekha pa konsati ya kusukulu, ndipo mpando wa adadi unali wopanda munthu chifukwa anali kunkhalango.

"Ananenanso kuti amusowa," ndinatero.

Amayi anasiya duku. "Ati bwanji?"

"Anati akumusowa kwambiri. Anatsitsa mawu ponena zimenezo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandisisita tsaya n'kunena kuti ndine mwana wabwino. Madzulo amenewo anandiphikira chipisi, chimene sichinkachitika wamba.

Lolemba adadi ananyamuka. Sitima yawo isanafike n'komwe kumene inkapita, amayi anatsegula filiji, n'kutulutsa zikontena zonse zisanu, n'kukazisanja pakhonde. "Filiji yanga si nkhalango," anatero. Sabata imeneyo kunatentha monga mmene London imatenthera mwa apo ndi apo, mpaka phula la mumsewu linkanunkha. Khonde lathu linkalandira dzuwa kuyambira masana mpaka kulowa. Ine ndinkadziwa chimene chichitike. Ndikaweruka kusukulu ndinkasuzumira pagalasi, n'kuona thukuta la madzi litadzaza m'kati mwa zivindikiro. Tsiku lachiwiri ndinaganiza zozibwezera mu filiji amayi akagona. Koma ndikanatero akanafunsa chifukwa, ndipo chifukwacho chinali ine. Ndinazisiya.

Adadi anafika Lachisanu masana. Monga mwa nthawi zonse, asanavule n'komwe majombo, anapita ku filiji. Mluzu unaduka. Anayang'ana amayi, amayi analoza kukhonde ndi chibwano. Anatuluka, ndipo tinawaona pagalasi atanjuta, akutsegula chikontena chimodzichimodzi. Fungo linalowa m'nyumba, ngati la kabichi woiwalika m'thumba. Anakhala kunjako nthawi yaitali kwambiri.

Atalowa anafunsa motsitsa, "Amake Tamanda, ndalakwanji?"

"Kafunseni Moira wanuyo, amene mumamusowa kwambiri."

"Zimenezo wanena ndani?"

Maso a amayi anabwera pa ine. Adadi anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane. M'manja mwawo munali mudakali zinyenyeswa za mtengo.

"Tamanda, unandimva ine ndikunena mawu amenewo?"

Ndinayamba kuyankha m'Chizungu, mothamanga, monga ndinkachitira ndikafuna pobisala. Anandidula. "Yankha m'Chichewa, amayi ako amve bwino."

M'Chichewa mawu anga anali ochepa, ndipo ozembera ndinalibe. "Ayi," ndinatero. "Simunanene."

Ndinkayembekezera mbama, koma siinabwere. Amayi anakhala pansi pa sofa. Kenako anati, "Mwana wanama, ndamva. Koma inu bambo a Tamanda, zaka zitatu sindidziwa kumene mumagona. Ndikadwala ndiimbira ndani? Mwanayu atagundidwa ndi basi, ndikakupezani kuti? Malo a mphutsi mumawasunga, nanga ine mwandisunga pati?" Adadi anaweramitsa mutu. Anatenga envelopu ya bilu ya magetsi imene inali patebulo, n'kulemba kumbuyo kwake dzina la mudzi, dzina la nyumba imene ankagona, ndi nambala ya foni ya mwini nyumbayo. Anaipereka kwa amayi. Amayi anaiwerenga, n'kuipinda, n'kuilowetsa m'chikwama cha kuntchito.

Chilango changa chinabwera m'mawa mwake. Adadi anayala manyuzipepala patebulo, n'kukhuthulapo zikontena zija. Anandipatsa kaburashi, galasi lokulitsa zinthu ndi kabuku kawo. Ntchito yanga inali kufufuza m'zibenthuzo, kupeza mphutsi iliyonse, ndi kulemba. Yoyamba nditaipeza ndinalemba kuti, "Yafa ndi dzuwa." Adadi anawerenga n'kufunsa, "Waliona dzuwa likuipha?" Ndinati ayi. "Ndiye fufuta. Lemba zimene maso ako akuona." Ndinalemba kuti yada, yauma, yapindika, siikugwedera. Ndinalemba choncho mpaka masana, dzanja likuwawa. Za m'chipika cha zaka zitatu chija panalibe ndi imodzi yomwe yamoyo. Anali atatengako zochepa zimene analoledwa, ndipo kuti atengenso anayenera kudikira chaka china. Maphunziro awo anachedwa ndi chaka chimenecho. Sanandikalipire. Titamaliza anangokulunga manyuzipepalawo n'kutsika nawo okha kubini.

Chimene chinandipweteka kwa nthawi yaitali n'choti kukayikirana kuja sikunathe, kunangosamukira kwa ine. Ndikanena kuti aphunzitsi atiuza zakuti, amayi ankaimbira mayi a mnzanga kuti atsimikize. Ndikanena kuti m'bale wina anaimba foni, adadi ankafunsa, "Ananena yekha, kapena ukuganiza?" Sankafunsa mwankhanza, koma ankafunsa nthawi zonse, mpaka ndinafika ku sekondale.

Chaka chotsatira amayi anatenga tchuthi n'kupita ndi adadi kumpotoko, ine n'kutsala kwa Anti Mwansa. Amayi anabwerako nkhope yatupa ndi tizilombo tina tating'onoting'ono toluma ta kumeneko, akudandaula za mvula ndi matope. Za Moira anangoti, "Ndamuona." Anti Mwansa anayesetsa kuwakumba, koma sanapeze china.

Ndinakula ndikudziwa kuti mphutsi zija ndinazipha ndine. Koma zaka zingapo zapitazo, nditabereka mwana wanga woyamba, amayi anabwera kudzakhala nane ku Ilford kwa mwezi umodzi. Tsiku lina tikupinda zovala za khandalo, ndinawakumbutsa nkhaniyo, ndikufuna kupepesa bwinobwino ngati munthu wamkulu. Amayi anapitiriza kupinda, osandiyang'ana.

"Ndinadziwa pomwe paja kuti ukunama," anatero. "Adadi ako sanauzepo munthu kuti akumusowa. Ngakhale ine, pa zaka zonse zimene anali kuno ine ndili ku Zomba, sanalembepo mawu amenewo. Si kalankhulidwe kawo."

"Nanga munazitulutsiranji?"

"Ndinatopa, mwanawe. Ndinkafuna chifukwa. Iwe unandipatsa."

Tinamaliza kupinda zovalazo, khanda linadzuka, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Lero ndimaona kuti munthu amene mtima wake wagamula kale safunsa kuti adziwe, amafunsa kuti wina amunenere chimene iye akuopa kunena yekha, ndipo mwana amazindikira msanga yankho limene likudikiridwa. Zimenezo zinandipeputsira katundu pang'ono, koma sizinandichotsere wonse. Amayi anali ndi kutopa kwawo, adadi anali ndi kusalankhula kwawo, ndipo zonsezo zinalipo ine ndisanatsegule pakamwa. Koma mawu aja sanachokere kwa amayi kapena kwa adadi. Ndinawapanga ndekha, ndili chiimire pakhomo la chipinda, ndipo masiku anayi amene zikontena zinali pakhonde ndinali ndi mpata wowabweza, koma ndinkangosuzumira pagalasi.