Kandevu kanu katulukira kwa ine, azakhali

Azakhali, m'mawa uno ndikudzola mafuta ndapeza katsitsi kamodzi kolimba pachibwano panga. Nditangotenga kachitsulo kozulira ndakukumbukirani, ndipo ndakhala pabedi misozi ili mbwembwembwe, kwinaku ndikuseka.

Mukukumbuka tsiku lija tinakwera sitima kuchoka kwathu ku Scarborough, kunja kuno, kupita ku myuziyamu, nyumba yoonetseramo zinthu zakale, inu mukudandaula njira yonse kuti tsiku lanu lopuma kuntchito likuthera kuonera miyala? Tinaima pa chithunzi cha mayi wina amene analamulira dziko la Iguputo kalekale. Anali ndi ndevu. Nditakufotokozerani kuti ndevuzo zinali zochita kumangirira kuti anthu azimuona ngati mfumu, munagwira chibwano chanu n'kufuula kuti, "Iii, mnzangayu ankachita kuvala? Ine Mulungu anandipatsa zaulere, n'kumazula!" Mpaka mlonda anatembenuka. Inu amene kuyambira kwathu ku Dedza anthu ankakunenani kuti mkazi wandevu ndi wankhanza, amene munkadzitsekera m'bafa Lamlungu lililonse musanapite kutchalitchi, kuyambira tsikulo simunazulenso. Amayi a kwaya akamanong'onezana, munkangowauza kuti, "Pepani, ndife a kubanja lachifumu."

Mankhwala a khansa atakuthotholani tsitsi lonse, la kumutu simunalidandaule n'komwe. Munangosisita chibwano, muli gone m'chipatala muja, n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, ufumu wanga uja wapita kuti?"

Lero ndaupeza, azakhali. Watulukira kwa ine, ndipo kachitsulo kaja ndakataya m'bini.