Msana wa a Tetsuzo

Okondedwa azakhali a Fusae, ndi nonse a kwathu amene muli ku Brazil, landirani moni wochokera kuno ku Yunosako. Ife tilipo ndithu, kungoti chisanu chatipweteka chaka chino. Ndalemba kuti ndikudziwitseni za a Tetsuzo Oyamada, mwana wa mmisiri wa migolo uja, amene anatisiya mwezi wathawu.

A Tetsuzo anachoka pamudzi pano ndevu zisanamere, nakalowa ntchito m'zombo zopha nsomba kunyanja zakutali. Kumeneko anajambulitsa nsomba yaikulu pakhungu la kumsana, monga ankachitira asodzi anzawo, kuti akadzamira mtembo wawo udzadziwike. Anakwatira, koma mphatso ya mwana sanaione, ndipo akazi awo anatsogola. Chifuwa chitawagwira, anabwerera kwawo ndi chikhumbo chimodzi chokha: kukasamba m'nyumba ya kasupe wotentha wa mudzi, momwe amuna amakhala pamzere, aliyense akutsuka msana wa mnzake.

Pakhomo pa nyumbayo anapeza a Masaharu, mnzawo wa paubwana, amene tsopano ndiwo amayang'anira.

"Tetsu! Kodi nsomba sizinakudye?" anafuula a Masaharu.

"Zinandilawa, n'kundilavula. Nanga iwe tsitsi unakagulitsa kuti?"

Anaseka mpaka a Tetsuzo anatsamwa ndi chifuwa. Koma atavula malaya n'kuwaika m'dengu, kuseka kwa mnzawoyo kunazima.

"Vala, Tetsu. Chikwangwani chili pakhomocho sunachione? Wojambulidwa pakhungu salowa. Alendo amati ndi zigawenga."

"Ine chigawenga? Ndi mano awiri omwewa?"

"Lamulo si langa, ndi la akuluakulu a mudzi. Chojambulacho chikanakhala chaching'ono tikanamatapo chigamba."

"Chigamba chako n'chonga chikhatho, pamene nsomba yanga yayambira m'khosi mpaka m'chiuno."

"Kuseri kuli kachipinda kosambiramo wekha. Madzi ake ndi omwewa."

"Kusamba ndekha ndasamba mokwanira, Masa. Ndabwera kuti munthu anditsuke kumsana. Chimwalirire mkazi wanga, palibe dzanja lafikako."

A Tetsuzo anavala pang'onopang'ono, nawerama mwaulemu monga achitira mlendo, natuluka. M'kachipinda kaja sanapondemo.

Kuyambira pamenepo ankakhala pa benchi ya kumsewu, pamene apaulendo amaviika mapazi m'madzi ofunda, atapinda thalauza mpaka m'mawondo. Akamva amuna akuseka m'kati mwa nyumba ija ndi zibekete zikugundana, ankatembenuzira nkhope kuphiri. A Masaharu anakaipereka nkhaniyo kwa akuluakulu, koma iwo anati adzaikambirana chisanu chikatha. A Tetsuzo sanadikire: anamwalira chisanu chisanathe.

Pa tsiku losambitsa thupi, a Masaharu anatunga okha madzi kukasupe, nawasenza kukwera nawo chitunda, osalola wina kuwathandiza. Monga mudziwa, wamoyo timamuthirira madzi ozizira m'otentha, koma wakufa timayamba ndi ozizira. Iwo anaima nthawi yaitali chibekete chili m'manja, chifukwa ntchito yawo yonse anazolowera kusakanizira amoyo. Pomaliza anachita monga mwa mwambo.

Titautembenuza mtembo, ambiri a ife tinaiona nsombayo koyamba. Inali itazilala, itakwinyika pamodzi ndi mwini wake. A Masaharu anatsuka kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, nabwerezanso, akunong'ona kuti, "Kodi madziwa atentha bwino, Tetsu?"

Chikwangwani chija chikadali pakhomo, ndipo a Masaharu atula pansi ntchito.

Chonde, azakhali, uthengawu muufikitse kwa a Kiyoshi ndi ena onse amene ankasamba nawo ali ana, pakuti kuno otsala owakumbuka ndife ochepa.

Ine mwana wanu,
Noboru Hatanaka