Mlatho wa Che Atumani

Che Atumani anagwira ntchito imodzi yokha zaka makumi awiri ndi zitatu, yokweza ndi kutsitsa mlatho wa matabwa. Mlathowo unali pa ngalande imene kampani ina ya nsomba inakumba kuchokera mu Shire, kuti maboti azilowa kokonzedwa. Boti likaliza hutala, iwo ankapukusa chigudumu, tcheni nkulira, mlatho nkuimirira. Anthu a pansi ankawatukwana chifukwa chowachedwetsa, a m'boti nawo chimodzimodzi. Msana unathera pamenepo.

Kampaniyo itatseka, anabwerera kwawo kufupi ndi Malindi. Mu 1984 mwana wawo wamkazi, Ajira, anawatengera kuchipatala ku boma chifukwa miyendo inali itatupa. Anakhala pamzere kuyambira m'mawa, napatsidwa timapiritsi. Potuluka anauza Ajira kuti akufuna akaone mlatho wawo. Ajira anadandaula kuti dzuwa lakula ndipo lole yakumudzi iwasiya, koma bambo ake anali atayamba kale kuyenda.

Panjira ayufi, anyamata a chipani cholamula, anawaimitsa kufuna khadi la chipanicho. Mkuluyo anavula kofia kumutu, nalisololamo, nawaonetsa. Anapuma kawiri pansi pa mitengo ya mango asanafike.

Ngalande anaipeza itadzaza mchenga ndi bango. Mlatho unalipo ndithu, koma utakhomedwa ndi misomali kuti usadzukenso, ndipo amayi anali kudutsapo ndi madengu a usipa. Mlonda wa pamalopo, bambo Wadi, sanawadziwe. Atamva kuti ndi ndani, anawapatsa mpando, nawauza kuti ana a masiku ano amatsutsa zoti matabwa amenewa ankaimirira.

Che Atumani anapita pa chigudumu, nachigwira ndi manja onse. Dzimbiri linali litachimanga. Anakankha kamodzi, nasiya.

"Baba, mudzipweteka," anatero Ajira.

"Ndimangofuna ndimve ngati chikulemerabe," anayankha. "Chikulemera."

Anakhala pampando paja, nayamba kufotokozera bambo Wadi za boti lina limene linathyola mlongoti pa mlathowo, koma nkhani ili pakati anayamba kusinza. Ajira sanawadzutse. Anawavula nsapato, nakhala pansi pambali pawo mpaka mthunzi unasuntha.

Tsiku limenelo anagona kwa msuweni wawo ku Mpondasi. Kumudzi anafika mawa lake masana, ndipo Che Atumani ku boma sanapitekonso.