Mizere Itatu pa Sipuling'i

Anganga amene anandilera makolo anga atamwalira ankati akatapa ufa m'dengu, amasalaza pamwamba pake n'kudindapo dzanja lawo. Akabwera kuchokera kumunda ankayamba kuyang'ana dzanjalo asanamwe ndi madzi omwe. Chala chimodzi chikafufutika sankafunsa munthu. Ankangokhala chete tsiku lonse n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi, ine ndi ana a malume amene ankabwera kudzasewera pakhomopo. Ndinakulira m'nyumba imeneyo ku Chiwalo, ndipo ndinazolowera kuyang'ana kwambiri n'kulankhula pang'ono.

Ntchito yoyendetsa galimoto ndinaipeza chitangodutsa chisankho chachiwiri cha zipani zambiri, ndili kale munthu wamkulu wa ndevu zanga. Bwana anga anali mkulu wina wogwira ntchito m'maofesi a pa boma, wochokera kuchigawo chapakati. Anagula pikapu yakale yokoka ndi mateyala onse anayi, kuti izinyamula mpunga ndi matemba kuchokera mbali za ku Chilwa, ndiponso nandolo wa kwathu nyengo yake ikakwana. Iwo ankakhala mu ofesi, ine pamsewu. Ndi malipiro a ntchitoyo ndinali nditafolera malata mbali imodzi ya nyumba ya anganga. Mbali inayo inali idakali ya udzu.

Patapita miyezi ingapo bwana anaona kuti matumba amene ndinkabweretsa akuchepa, ndiye anati tiwonjezere masipuling'i akumbuyo. Kwa amene sanasuzumirepo pansi pa pikapu: sipuling'i yake ndi zitsulo zazitali zosanjikizana, zopindika ngati uta. Chapamwamba penipeni, chachitali kuposa zonse, amakaniko amachitcha meni. Kunsonga zake zonse ziwiri n'chokulungika ngati diso, ndipo masowo ndi amene amalumikiza zonsezo ku galimoto. Zapansizo zikathyoka umayendabe. Meni ikathyoka, ulendo watha.

Ntchitoyo tinapatsa amakaniko ena amene ankagwirira pansi pa mtengo wa mkesha kuseri kwa msika. Anali munthu wonenepa, woseka ndi aliyense, ndipo anali mkulu wa mpingo ku tchalitchi chomwe bwana ankapemphera. Anawonjezera zitsulo ziwiri mbali iliyonse, zochotsa pa galimoto ina yakufa. Anazimenya ndi hamala pa chidutswa cha njanji mpaka kupindika kwake kunafanana ndi zinzake, anaika bawuti yaitali yapakati, n'kumanga mabawuti aja okhota amene amakumbatira sipuling'i ndi ekiselo, chitsulo cholumikiza mateyala akumbuyo. Pomaliza anakulunga chilichonse ndi malegeni odula ku chubu chakale, mothinitsa, monga ankachitira aliyense wa matola masiku amenewo kuti zitsulo zisamatayane pa mabampu.

"Ikakhala yopanda katundu izidumpha ngati mbuzi," anatero akupukuta manja. "Mano uzimanga, mphwanga."

Sananame. Koma ikadzaza inkayenda mowongoka, ndipo bwana anasangalala.

Meni yakumanzere inathyoka koyamba mvula itangosiya, pa msewu wa m'dambo pomwe makande anali atauma ndi mikwingwirima ya mateyala a mathirakitala. Ndinamva kulira kumodzi kouma, galimoto n'kupendekera kumanzere, teyala n'kuyamba kukhula bodi. Ndinatsitsa theka la matumba, ndinalowetsa chipika pakati pa ekiselo ndi chesisi, chitsulo chomwe bodi imakhalapo, ndinamanga ndi chingwe, n'kubwerera pang'onopang'ono ngati wonyamula wodwala. Bwana sanakwiye. Anati chitsulocho chinali chakale, ndipo anapita okha ku Limbe kukagula meni yatsopano.

Tsiku loimanga, amakaniko anandithamangitsa mwanthabwala. "Pita ukadye kanyenya, mphwanga. Maso akowo amandiiwalitsa mabawuti." Nditabwerako ndinapeza zonse zatha, malegeni atakulungidwa, pamwamba pake atapaka oyilo wakuda wa mu injini. Ndinafunsa zidutswa za meni yothyokayo, iwo n'kuti anapatsa munthu wosula nkhwangwa.

Sipanathe miyezi iwiri, inathyokanso. Mbali yomweyo, pa msewu wabwino, katundu wake wosalemera n'komwe.

Ulendo uno bwana anandiitanira ku garaja ya pa mkesha ija, n'kundifunsa pamaso pa amakaniko.

"Iwe, umanyamula chiyani ine ndikakhala mu ofesi?"

"Zomwe mwandituma, bwana."

"Anthu akuti anakuona ndi njerwa."

"Sindinanyamulepo njerwa."

Amakaniko anaseka ali chigonere pansi pa galimoto. "Sipuling'i sinama, bwana. Madalaivala amanama, koma sipuling'i ayi. Yatsopano singathyoke ndi matemba."

Bwana anatembenukira kwa ine. "Ndigulanso ina. Ikathyoka imeneyo, makiyi udzawasiye patebulo panga, tisadzakambiranenso."

Kunyumba ndinkayembekeza kuti anganga akhala mbali yanga. Anamvetsera nkhani yonse akusenda kalongonda, osadzutsa mutu.

"Ngati ukuba, uziba zooneka," anatero. "Pano sindinaonepo ngakhale paketi ya shuga."

"Sindikuba, anganga."

"Onse amatero."

Mawa lake ndinawapeza akupisa m'matumba a thalauza langa la ntchito, amati akufuna kulichapa. Linali lochapa kale.

Masiku amenewo ndinkangoganiza zinthu zing'onozing'ono. Chifukwa chiyani amakaniko ankandichotsa pa garaja nthawi yomanga meni, pomwe tsiku lowonjezera masipuling'i anandilola kukhala mpaka kumaliza? Chifukwa chiyani ankapaka oyilo pa chitsulo chatsopano chomwe chinali ndi penti yake? Ndipo meni yachiwiriyo itathyoka, anaivula okha ine atandituma kukagula mabushi, timphira tolowa m'maso a sipuling'i, moti pothyokapo sindinapaone ndi maso anga. Palibe chimodzi mwa izi chomwe ndikanapita nacho kwa bwana. Munthu sungaimbe mlandu mkulu wa mpingo chifukwa chakuti anakuuza kuti ukadye kanyenya.

Meni yachitatu bwana anaibweretsa Lachisanu masana, n'kundipatsa kuti ndikaisiye ku garaja. Ndinadzera kwa munthu wina wokonza njinga, n'kubwereka tupa. Ndinkadziwa kuti kukanda sipuling'i pakati n'kuipha, chifukwa imathyokera pomwe yakandikapo. Choncho ndinasankha nsonga yeniyeni ya diso, pomwe chitsulo chimathera chitakulungika, malo osanyamula kulemera kulikonse komanso osafikako malegeni. Ndinadula timizere titatu tatifupi, toti diso silingatione koma chala n'kutimva. Ndinapakapo dothi, n'kukaipereka.

"Njala sikukupweteka, mphwanga?" anafunsa amakaniko ataika jeke.

"Ikundipweteka," ndinatero, n'kuchoka ndekha.

Nditabwerako zonse zinali monga kale: malegeni, oyilo wakuda, amakaniko akuimba nyimbo ya kwaya. Ndinagwada ngati ndikuona mpweya wa teyala, n'kulowetsa dzanja kuseri. Ndinasisita diso lakutsogolo. Losalala. Ndinasuntha n'kusisita lakumbuyo, poganiza kuti mwina anaitembenuza. Losalalanso. Ndinadzuka, ndinathokoza, n'kuliza galimoto.

Sindinauze bwana tsiku limenelo. Palibe amene anandiona ndikudula mizereyo, ngakhale mwini tupa sanadziwe chomwe ndinabwerekera. Ndikanati mizere yanga kulibe, akanati inalipo liti. Ndinafunika kuipeza meniyo kumene inapita, ndipo ndinafunika kutero iyi yomwe inali pa galimoto isanathyoke.

Ndinayamba kuyendetsa ngati ndanyamula mazira. Ndinkasiya matumba ena kunyanja, ndinkazungulira njira zazitali kupewa makande. Zimenezi zinangowonjezera kukayikira kwa bwana, chifukwa katundu ankachepa pomwe dizilo akutha msanga. Anayamba kubwera pa siteji pomwe ndinkaimika galimoto nthawi ya nkhomaliro osandiuza, n'kumaima patali manja ali kumbuyo.

Ine ndinali pa ntchito yanga ina. Pikapu iliyonse yoima pa boma, ku Migowi kapena ku Chiringa, ndinkaiyandikira. Pena ndinkagwetsa kobiri, pena ndinkamanga chingwe cha nsapato, dzanja n'kulowa pansi. Madalaivala anzanga anayamba kundiyang'ana moipa. Wina anandifunsa ngati ndikuika mankhwala pa galimoto yake kuti ndimulande makasitomala. Ndinati ndikuphunzira mmene ena amamangira masipuling'i, koma kuyambira tsiku limenelo ankaimika galimoto yake kutali ndi ine.

Ndinaipeza patatha sabata ndi masiku angapo, pa pikapu yoyera ya mayi wina wa geni ya nsomba, itaima pa msika wa pa boma pomwepo. Chala changa chinagunda timizere titatu, tomwe tija, kamodzi kotalikirapo pang'ono chifukwa tupa anaterereka. Dalaivala wake anali atakhala pa bodi akudya chinangwa.

"Sipuling'i yatsopanotu iyi, achimwene," ndinatero.

"Atipezera amisiri a pa mkesha paja. Akuti yachokera ku Joni."

Loweruka m'mawa ndinapita kunyumba kwa bwana n'kuwafotokozera zonse. Anavala nsapato, tinanyamuka. Pa msika anayala katoni pansi, anagwada ndi thalauza lawo lakusita, n'kulowetsa dzanja pomwe ndinawalozera. Anakhala choncho kanthawi, kenako anadzuka akupukuta chala.

"Mizere iyi ukanatha kuidula dzulo," anatero.

Sindinawaimbe mlandu. Inenso ndikanaganiza chomwecho.

"Ndiye tiyeni tikadule malegeni pa yathu, bwana. Mukapeza meni yatsopano mkatimo, makiyi ndikupatsani pomwepo."

Amakaniko anatilandira ndi chisangalalo, mpaka ataona mpeni m'dzanja langa.

"Malegeni amenewo ndinachita kugula, mphwanga. Ukadula ubweza?"

"Musiyeni adule," anatero bwana.

Ndinadula kuchokera pakati. Mphira zinatayana, matope ouma n'kumayoyoka. Ndinapukuta oyilo ndi chiguduli mpaka chitsulo chinaoneka. Pafupi ndi mabawuti okhota aja, meni inali ndi chipsera chopingasa, chowotcherera n'kupalidwa kuti chisalale, ndipo m'mphepete mwake munali mutayamba kale kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Inali meni yathu yoyamba ija, kapena ina yofanana nayo. Bwana anawerama, anapitapo ndi chikhadabo, chikhadabocho n'kukodwa mu mng'alumo.

Amakaniko sanachite manyazi monga ndinkaganizira. Anakanda m'mutu, n'kunena mofatsa ngati akutilangiza.

"Zitsulo za masiku ano n'zosalimba, bwana. Chakale chowotcherera bwino chimaposa chatsopano. Ine ndimakuganizirani."

"Tikakambirana mawa tikatuluka m'tchalitchi," anatero bwana.

Zomwe anakambirana sindinazimve. Nkhaniyo sinapite ku polisi, ndipo mayi wa nsomba uja sanalandidwe sipuling'i yake. Lachiwiri lotsatira meni ina yatsopano inafika kunyumba kwa bwana pa njinga ya kabaza, yopanda kalata. Ndinaimanga ndekha pabwalo lawo, galimoto itakhazikika pa zipika, bwana atakhala pampando wa pakhonde akuyang'ana bawuti iliyonse. Sindinakulungenso malegeni. Ndinamanga zitsulozo ndi tizingwe tachitsulo tiwiri kuti zisatayane, zonse zili poyera. Nditayenda maulendo atatu ndi katundu ndinabwereza kukhwimitsa mabawuti okhota aja, ndipo kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkatsuka matope n'kuyang'ana chitsulo chimodzichimodzi. Meni imeneyo inakhala mpaka galimotoyo inagulitsidwa.

Makiyi anakhalabe ndi ine, ndipo chaka chisanathe ndinamaliza kufolera mbali yotsala ya nyumba ya anganga. Koma tsiku lomwe tinkachoka ku garaja lija, tili awiri m'galimoto, bwana anandifunsa akuyang'ana kutsogolo.

"China n'chiyani chomwe unadulapo mizere?"

"Palibe, bwana."

"Kunyumba kwanga umalowa mpaka kukhitchini."

"Palibe china, bwana."

Anagwedeza mutu, koma sanandithokoze, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Pa siteji anapitiriza kubwera nthawi ya nkhomaliro.

Patapita miyezi, teyala linaphwa panjira ya ku Chilwa. Nditatsitsa la sipeya, chala changa chinagunda chinthu m'mphepete mwa limu, chitsulo chapakati pa teyala: timizere titatu, tokhotakhota, todulidwa ndi munthu wosazolowera kugwira tupa. Ndinasisita jeke, analinso nato. Nditafika pa boma ndinatsegula boneti, n'kutipezanso pa chitsulo chogwira batire.

Ndinawauza anganga ndikuganiza kuti aseka. Anali atangobwera kumunda, khasu lidakali paphewa.

"Nanga iwe unkafuna bwana wakoyo akukhulupirire chifukwa chiyani?" anatero. "Ndi mbale wako?"

Anatsamiritsa khasu pakhoma, n'kulowa m'nyumba kukavundukula dengu la ufa.